Misozi Wafufuta Mizele, Ine Ndachotsa Loko

Lululu, anzanga, sekani nane! Nshawa zanga zambeu zatsala pang'ono kuthela ku kachasu sabata ino, ndipo wolakwa ndine.

Mdzukulu wanga Misozi wabwela kuno ku Minga kuchoka ku Lusaka, kompyuta kukhwapa. Ntchito yake akuti ndi kukonza mtima wa makinawo, eni ake amati kenelo. Ine kusuzumila, mwana akungofufuta mizele, fufu, fufu!

"Iwe, anakulemba ntchito yolemba kapena yofufuta?"

"Ambuya, pulogalamu ikafuna tsamba la zolemba zake lomwe silili pafupi, makina amaima, kenelo ithamange kukalitenga kosungila. Koma aliyense amene anagwilapo kale anasiya kanjila kake. Ndikutseka tinjilato, itsale imodzi yoongoka."

Mayo ine, mwana akunena nyumba yanga!

Kwanga kuno mpongozi akafuna nshawa zosinjila ndiwo, amauza mwamuna wake, mwamuna auze ine, ine ndimasule kiyi pamfundo ya chitenje, kiyiyo itsegule bokosi momwe muli kiyi ina ya chipinda chosungila. Pofika apo chibwabwa chapsa kale. Kodi kwanu sizili chomwecho? Kukomiti ya chigayo, kubungwe la amai kutchalitchi, mpando umodzi kubweleka mpaka anthu asanu agwedeze mutu!

Ndiye nanenso ndati ndifufute. Loko ya chipinda chosungila, gulu! Ndaponya pawindo, ndikuvina.

M'mawa mwake ndaona a Mwanza, amuna anga, akukankha njinga mwakachetechete ngati si iwo, kathumba ka nshawa kumbuyo, nkhope kuloza kwa ophika kachasu.

"Bambo, ulendo?"

"Ndikukaonetsa mbeu kwa alangizi."

Alangizi, pa Sondo, tsiku la tchalitchi! Kathumbako ndalanda pomwepo.

Misozi waseka mpaka misozi yeniyeni. "Ambuya, ine mlonda sindinam'chotse! Kenelo imayamba yafunsa: tsambali ndi lako? Ngati si lako, imakuthamangitsa pomwepo."

Taonani, chomwe ndinamva ine ndi theka lokoma lokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndinathamanga.

Loko ndakaitola m'mbatata. Tsopano loko imodzi, kiyi imodzi, ili ndi mpongozi wamkulu, mai wosanyengeleka. Bokosi lija ndaikamo anapiye. Ndiwo zikupsa ndi nsinjilo zake, mbeu ikudikila mvula, a Mwanza akuyenda pansi, manja m'thumba, kuimba nyimbo za maliro.

Nanga inu, pa maloko anu onsewo, ndi iti ikuletsa wakuba, ndi iti ikungopseletsa chibwabwa?