Mng'alu pa Khoma la Kumpoto

Nyumba imene ndinakuliramo ili m'munsi mwa phiri, ukapatuka pa Mponela n'kulowera chakum'mawa. Anaimanga ndi agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, amene anaphunzira zomangamanga ku mishoni. Makoma ake ndi okhuthala moti mwana amakhala pawindo n'kupinda miyendo bwinobwino. Khonde linazungulira mbali zitatu, ndipo pamwamba pa zitseko ndi mawindo njerwa anazisanja mokhota ngati uta, popanda chitsulo chilichonse. Ngakhale mu Okutobala, m'katimo mumazizira.

Tili ana tinkasirira nyumba za magalasi akuluakulu. Choncho aboma atabwera kudzaijambula n'kuilemba m'gulu la nyumba zakale zoyenera kusungidwa, ine ndinangoseka.

Chaka china mvula itatha, amayi anandiimbira foni kuti khoma la kumpoto lachita mng'alu. Ndinali nditangoyamba uphunzitsi, ndiye ndinagula matumba a simenti n'kuwakweza pangolo, ndikudzimva kukula. Ndinkafuna kupulasitala nyumba yonse, mawindo ndikulitsenso.

Ndinapeza amayi ataitana kale amisiri, abambo ena achikulire amene ali anyamata ankagwira ntchito ndi agogo. Anayang'ana matumba aja, kenako anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, simentiyu mukamangire bafa. Apa ayi."

"Bwanji, bambo? Si wolimba?"

"Vuto lake ndi lomwelo. Khomali analimanga ndi dothi. Limamwa chinyezi m'dzinja, n'kuuma m'chilimwe. Mukalitseka ndi simenti madzi asowa potulukira, njerwa zifumbutuka m'kati."

Zinandipweteka. Ndinatembenukira kwa amayi. "Kodi tikhala mwachikale mpaka liti?"

"Mawindowo usawakhudze, aboma analetsa," anatero amayi osakweza mawu. "Koma ngakhale akanapanda kuletsa, ine sindikanalola. Madzi oumbira njerwazi ndinkatunga nawo ndili kamtsikana."

M'mawa mwake ndinavula nsapato n'kuyamba kuponda dothi. Amisiri aja ankazula njerwa imodziimodzi, ine n'kumazilemba manambala ndi choko kuti iliyonse idzabwerere pamalo pake. Ndinaona kuti njerwa iliyonse ili ndi kadzenje pakona.

"Chala cha agogo anu chimenecho," anatero amisiriwo. "Njerwa imene sanaidinde okha sinkakwera pakhoma."

Tsiku lachitatu tinazula ina yodindidwa kadzanja konse, zala zisanu zazing'ono. Ndinaitana amayi. Anaigwira nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka misozi.

"Ndi langa ili! Ndinaliika padothi laliwisi. Bambo anandikalipira kwambiri, n'kunena kuti akaitaya kudzala. Kani anaiwotcha pamodzi ndi zinzake!"

Ndinkafuna kuti tiisunge pasitingirumu alendo aziiona. Amayi anakana. Anati poti bambo awo anaiika m'khomamo mwakachetechete, ibwerere momwemo. Amisiri anaipaka dothi n'kuikankhira pamalo pake, mzere wachisanu kuchokera pansi.

Ntchito inatenga milungu iwiri. Amisiri aja anamwalira patangopita zaka zochepa, koma anali atandionetsa kasakanizidwe ka dothi ndi mchenga. Amayi tsopano maso anafooka, akukhala ndi mlongo wanga. Mvula ikatha ndimapita kukazungulira makoma ndikuwasisita ndi dzanja, ndipo pamene pakokoloka ndimamata ndekha.