Dzanja Lamanzere la a Maxon

A Maxon ndimagwira nawo ntchito pa shopu ya a Hussain ku Zingwangwa, iwo kutayipa pa kompyuta, ine fotokope. Ndi munthu wanthabwala, wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Koma namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe, khoma linawagwera dzanja lamanja, zala n'kuuma. Anabwerera ku ntchito ndi lamanzere lokha.

Zinali zomvetsa chisoni, ndikuuzeni. Dzanja lomwelo litayipe, lithamangire ku mausi, libwererenso. Lachisanu, tsiku limene makomiti a ukwati amabwera kudzapangitsa mapulogalamu, mzere unkafika panja, ena n'kumapita kwina akung'ung'udza. Bwana anapirira, koma kenako ananena poyera kuti mwezi ukatha zili chonchi abweretsa mphwawo pampandopo. Ine zinandipsetsa mtima. Munthu ana atatu, nyumba sanamalize n'kukonza komwe.

Ndiye kunabwera kasitomala wina, mayi Zeinabu, amene kale anali sekilitale, wosaugwira mtima ngati ine ndemwe. Anawaonerera akulimbana ndi mausi mpaka anatopa.

"Bambo, kanthu kameneka mukuvutika nako chifukwa chiyani? Dzina mwalisankha kale. Kanikizani Ctrl ndi kachala kakang'ono, kenako C. Pitani m'munsimo. Tsopano Ctrl ndi V."

Dzina la mkwati linatulukira pomwepo.

"Nanga kusunga?" anafunsa a Maxon.

"S."

"Ndikalakwitsa?"

"Z, zibwerera."

A Maxon anayang'ana kiyibodi, n'kuyang'ana dzanja lawo. Mabatani onsewo ali kumanzere, pansi pa zala zawo zamoyo. Anaseka mpaka anthu pamzere kutembenuka.

"Achemwali," anandiitana, "amene anapanga zimenezi ankaganiza za ine."

Kuyambira tsikulo sitinapume. Tchipisi chawo cha pachiwaya chinkazizira iwo ali gogogo pa kiyibodi. Tsiku lililonse batani latsopano, ndipo ine ndisiye ntchito ndikaone. Kunyumba anajambula kiyibodi pa katoni n'kumayeserera, mpaka akazi awo anabwera kudzandidandaulira.

Lachisanu lomaliza bwana anabweradi ndi mphwawo, shati yositasita. Pakhomo anthu anali pikitipikiti, mayi wina akufuna kusintha dzina la wodula keke, tcheyamani wina akukuwa kuti basi imusiya. A Maxon anangokonza tayi. Dzanja lija linayamba kuvina, pulinta osapuma, ine kuthamanga ndi mapepala thukuta kamukamu. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, pabenchi panalibe munthu.

Bwana anasuzumira patebulo.

"Mausi ili kuti?"

"Mu dilowa, bwana."

Bwana anauza mphwawo kuti akawadikire m'galimoto.

"Lolemba mulawirire, a Maxon, kuli ntchito ya sukulu."

Bwana atatuluka, a Maxon anandipatsa foni yawo kuti ndiwaimbire akazi awo. Anati ndiwauze kuti ntchito yapulumuka.