Bango la ku Rongai

Tinanyamuka ku Lavington, dera limene tinkakhala m'dziko la eni, Loweruka m'mawa, ine ndi mlamu wanga Saidi, amene ankaphunzira pa yunivesite. Iye ankafunitsitsa kuti a Bakari, mkulu wina wa ku Rongai, amulandire kuti aphunzire luso lolemba Chiarabu. Mbiri inali yoti mkuluyo wabweza kale ambiri. Ine wa kutchalitchi chinanditenga ndi chidwi chabe, poti ndinamva kuti amasunga mapepala olembedwa pamanja zaka mazanamazana zapitazo.

Basi itatitula m'tauni, tinakwera matatu, timagalimoto ta nthawi imeneyo tokhala moyang'anana, maondo akugundana. "Shilingi tano!" anakuwa kondakitala, kutanthauza mashilingi asanu. Mayi wina anandisanjika thumba la sukuma, ndiwo zamasamba za kumeneko, pamiyendo osapempha n'komwe. Saidi ankangosisita bolopeni yatsopano imene anagulira mayeso amenewa. Fumbi la malole a miyala linatipaka mpaka m'mano.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Titamwa tiyi ndi mandazi, a Bakari anasamba m'manja, n'kumasula nsalu yobiriwira imene anakulungamo mapepala aja. "Inu mgeni, maso okha," anandiuza, poti kumeneko mlendo amati mgeni.

Mapepalawo anali ofiirira ngati fodya wouma, m'mbali modyeka ndi njenjete, koma zilembo zake bii, zina zitaima njo, zina zitapinda michira pansi pa zinzake, pakati madontho ofiira. Sindinawerenge ngakhale liwu limodzi, komabe ndinagwidwa nthumanzi.

"Inki yake anapangira chiyani?" ndinafunsa.

"Mwaye ndi utomoni."

Mwaye womwewu timakolopa m'khitchini!

Saidi anatulutsa bolopeni ija. Mkuluyo anaikankhira pambali, n'kumupatsa bango ndi mpeni. "Amene analemba apa ankayamba wasema cholembera. Sema."

Izi mlamu sanakonzekere. Iye analitembenuza bangolo, n'kuseka. "Alamu, si la mphasa ili? Kwathu ku Mangochi landicheka zala kuyambira ndili mwana." Analisongola, kuling'amba pang'ono kunsonga, kenako kulidula mopendeketsa, maso akuba pa cholembera cha mkuluyo.

A Bakari analiviika mu inki n'kukoka mzere umodzi. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Lapendekeka kwambiri," anatero. "Ubwere Loweruka, tidzakonze."

Pobwerera, mu matatu, ndinkangoganiza kuti ndakhala ndikugonera cholembera moyo wanga wonse osadziwa. Tikutsika m'tauni Saidi anandiponyera bolopeni ija m'thumba la malaya.

"Tengani, alamu. Inu ndinu a ku ofesi."