Utomoni Woyera Pankhope pa Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga anabadwa wakuda bii, wosalala, moti tili atsikana ndinkachita naye nsanje. Anakwatiwa ku Mitundu ndi mwamuna wogula fodya kwa alimi. Atabereka mwana wachiwiri, alamu angawo anayamba kumuseka pagulu kuti ndi thumba la makala a ku Dzalanyama. Posakhalitsa tinamva kuti apeza mkazi woyera ku Nathenje.

Ine ndinamuuza kuti awaleke apite. Iye anakana, ati banja salisiya chonchi. Anagula mafuta odzola pamsika, m'botolo lojambulidwa chomera chaminga chopanda masamba. Wogulitsa anati madzi a chomeracho amafewetsa khungu n'kuliwalitsa. Kufewa linafewadi, koma kuyera ayi. Botolo litatha, mng'ono wanga anagamula yekha kuti opanga mafutawo amathira madzi ochuluka, monga amachitira ogulitsa mkaka.

"Achemwali, mtengo wake si uja uli kumalire a munda wathu? Ndingodzola weniweniwo."

Ndinayesa nthabwala. Kumalireko kulidi mtengo waminga wopanda masamba, wofanana ndi wa pabotolo, koma si umenewo. Uwu ukautema umatuluka utomoni woyera ngati wa nkhadze, woti ngakhale mbuzi siziyandikira.

Anautema m'mawa wina, n'kudzola nkhope yonse. Itayamba kutentha sanasambe. Kwathu timakhulupirira kuti mankhwala owawa ndiwo ochiza, ndipo amayi odzola zoyeretsa amati zikamanyerenyetsa ndiye kuti zikugwira ntchito. Choncho anapirira, thukuta likutsetserekera m'maso, mpaka anakuwa. Aneba ndiwo anandiimbira foni.

Ndinamupeza kuchipatala cha Mitundu nkhope itatupa, matuza okhaokha, maso osatsekuka. Anatitumiza ku Nkhoma chifukwa cha masowo. Kumeneko dokotala anati diso lakumanja lipenya, koma lakumanzere tisayembekezere zambiri. Alamu anabwera kamodzi. Anaima pakhomo la wodi atagwira chipewa, n'kunena kuti galimoto ya fodya ikuwadikira. Mpaka lero ndikakumbukira kaimidwe kawo kaja mtima wanga umawira.

Matuza ataphulika, khungu lakuda lija linasupuka, pansi pake n'kuoneka mnofu wotuwa mofiirira. Namwino anandinong'oneza kuti pakapola padzada kuposa kale, ndipo mabangawo sadzachoka.

Masana ena ndikumupukuta ndi thonje, maso ake adakali omangidwa bandeji, anagwira dzanja langa.

"Achemwali, mundiuze zoona. Ndayerako?"

Ndinayang'ana zilonda zija.

"Wayerako," ndinatero.

Anamwetulira ndi milomo yosweka ija.

"Ndiye muwaimbire foni bambo a ana abwere adzandione."