Bokosi la ku Loji

Ndiyambe ndi kuvomera kuti wolakwa ndinali ine. Inandinyamula ndi nsanje tsiku limenelo, ndipo ine ndinanyamula apongozi anga, mayi wokalamba amene sanalakwire munthu.

Ndine namwino, kwathu ndi ku Ntcheu. Atanditumiza kudzagwira ntchito ku Chintheche ndinkati ndikhala zaka ziwiri zokha, koma ndinakwatiwa konkuno ndi Mtonga, ndiye nkhani yobwerera inathera pomwepo. Nthawi imeneyo amuna anga ankaperekera zakudya pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, pamene pamafikira alendo akunja. Mayi awo, amene ndinkawaitana kuti Ama monga amachitira aliyense kuno, ankakhala cha ku Bandawe. Anabereka ana asanu, anayi nkuwaika m'manda. Wotsala anali amuna angawo basi. Akangomva kuti mwana wawo ali ndi chimfine, Ama ankafika m'mawa mwake wapansi, ufa wa kondowole uli pamutu, ndipo sankabwerera mpaka amuone akudya.

Chaka chimenecho, kumapeto kwa Okutobala, amuna anga anayamba kufika pakhomo akuseka okha. Ndikafunsa ankati kuntchito akukonza chikondwerero cha azungu chotchedwa Halowini, choti anthu amavala zoopsa nkumaopsezana dala. Ndinati munthu wa mutu wake angafune bwanji kuopsezedwa, pamene zoopsa zili mbwee kunja kuno? Anati ndisafunse zambiri. Tsiku lina anandipempha thonje ndi bandeji imodzi, ine nkuwapatsa za m'kabati mwanga osaganiza kanthu.

Chinandiyabwa ndi ichi. Mkazi wa wophika pa lojipo nditakumana naye kumsika anandiuza kuti abwana alola mabanja a antchito kukaona zimene akonzazo masana, alendo asanayambe kulowa. Amuna anga anali asananditchulireko. Nditawafunsa, anayankha msangamsanga.

"Inu musabwereko. Si zoti muone zimenezo."

Mkazi aliyense akudziwa chimene chimabwera m'mutu mwamuna akayankha chonchi. Ine ndinaona kamtsikana ka pa loji, kovala yunifomu yothina, ngakhale nkhope yake sindinkaidziwa. Zinangochitika kuti Ama anali kwathu sabata imeneyo. Ndinawerengera kuti ndikapita nawo palibe angandibweze pageti, komanso ndikakapeza chimene ndinkaganizacho, mboni ikhale mayi wawo yemweyo. Ndinawauza kuti kuntchito kwa mwana wawo kuli phwando ndipo atiitana. Anasamba, nkuvala chitenje chatsopano ndi nsapato zopitira kutchalitchi. Ndikakumbukira nsapato zimenezo mpaka pano ndimachita manyazi.

Tinafika cha m'ma thili koloko, dzuwa likuswa mtengo. Pageti anayika mapapaya aawisi oboola maso ndi mano, chifukwa maungu nyengo imeneyo sapezeka. Ama anawayang'ana nkunena kuti anthu oseweretsa chakudya sanaionepo njala. Bwana wa lojiyo anali mzungu wachinyamata, waulemu ndithu, koma tsiku limenelo anali atajambula nkhope yake ngati chigaza. Ama anamupatsa moni wonse, atapinda mawondo, ndipo atapita anandinong'oneza kuti mnyamatayo akuoneka wodwala, ndikamuyeze.

Zoopsazo anazikonzera m'nyumba yosungiramo mabwato a alendo, ataiphimba ndi mapepala akuda. Tinaima pamzere ndi akazi ndi ana a antchito ena, ife patsogolo chifukwa cha ukulu wa Ama. M'katimo munali mdima bii, ndiponso kutentha ngati mu uvuni. Maukonde akutha a asodzi ankatikola kumaso, mafupa a ng'ombe ali lendelende pa zingwe, kwinaku wailesi ikubuula. Munthu wofunda nsalu yoyera anatilumphira kuchokera pangodya, ana nkukuwa. Ama anangomuyang'ana kumapazi, nkumuzindikira kuti ndi mlonda wa pageti, wa m'mudzi mwawo. Anamufunsa ngati mkazi wake wachira mwendo. Mzukwa uja unayankha mwaulemu kuti akupezako bwino, tonse nkufa nako kuseka. Ine ndinkaseka uku maso ali m'makona, kufunafuna kamtsikana kanga kaja.

Kenako tinakankha chinsalu nkulowa chipinda chomaliza.

Munali makandulo anayi. Pakati panali mabenchi awiri, ndipo pamwamba pake panali bokosi la maliro. Silinali la makatoni ayi. Linali la matabwa, lopaka vanishi, zogwirira zili mbali zonse, mbali ya kumutu yotsegula monga amachitira poona nkhope. M'menemo munagona munthu wofunda nsalu yoyera mpaka m'khosi. Nkhope inali mbuu ndi phulusa, chibwano chomanga ndi bandeji, thonje lili m'mphuno.

Ntchito imeneyo ndimaidziwa. Ndaichita ndi manja angawa kwa anthu ambiri, ndipo ndinaizindikira bandejiyo ndisanazindikire nkhope. Anali amuna anga. Ndinkadziwa bwinobwino kuti m'mawa womwewo ndinawapatsa tiyi amuna amenewa, koma maso anga ankandiuza kuti ndine wamasiye, ndipo thupi linamvera maso.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti ntchito yawo inali yoti anthu akayandikira, iwo adzuke mwadzidzidzi nkubangula. Koma atatsegula diso pang'ono anaona mayi awo ataima kumutu kwa bokosi. Manyazi ndi mantha zinawagwira, nkutsinzina zolimba, poganiza kuti mwina sitiwazindikira, tingodutsa. Nzeru za amuna nthawi zina! Mayi amene wazindikira mlonda ndi mapazi okha angalephere mwana wake?

Ama sanakuwe. Anatambasula dzanja nkugwira pachipumi pa mwana wawo, iye ali chigonere, zii. Anavula nsapato zija, nkuziika pambali bwinobwino, nkukhala pansi pa mchenga atatambalala. Ndiye anayamba kulira maliro m'Chitonga, kulira kwenikweni kuja kochokera m'mimba. Anatchula ana awo anayi mmodzimmodzi, monga mmene anafera, kenako nkutchula wachisanu.

Amayi amene anali kumbuyo kwathu sanafunse. Kuno mayi akalira chotero anzake amalandira kaye, kufunsa kumabwera pambuyo. Kulira kunadzaza nyumba ija mpaka wailesi osamvekanso. Amene anali panja anathamangira m'kati, ana akulira ndi mantha enieni tsopano. Bwana uja anasuzumira pachinsalu nkuyamba kuomba m'manja, akumwetulira ndi nkhope yake ya chigazayo, poyesa kuti tikumuthandiza sewero. Sindinaonepo chinthu choipa m'maso ngati chimenecho, ndipo mwini wakeyo sankadziwa nkomwe.

Apo amuna anga anadzuka, nsalu nkugwa.

"Ama, ndili moyo. Ndi masewera chabe awa, Ama."

Mawuwo ankatulukira m'mphuno zotseka. Mphamvu zinandibwerera ngati mkwiyo. Ndinazula thonje lija, kumasula bandeji, nkuwamenya mbama paphewa pamaso pa anthu onse, ine amene sindinakwezepo dzanja pa iwo. Ama anangosiya kulira, du, nkumawayang'ana akutuluka m'bokosimo, mwendo umodzi kenako unzake.

Tinatulukira panja pa kuwala. Bwana uja anali atamva tsopano. Ankapukuta nkhope ndi malaya ake, penti nkumangofalikira, akupepesa mobwerezabwereza. Amuna anga ndi amene ankamasulira, mutu uli pansi. Bwanayo anati kwawo zimenezi ndi zoseketsa ana, sankadziwa, ndipo bokosilo aliphwanya nkulitentha pompano.

Ama anakweza dzanja. Sanayang'ane mzunguyo, anayang'ana mwana wawo.

"Kalipentala anayeza ndani?"

Amuna anga anayamba kupukuta phulusa kumaso.

"Ndikufunsa iwe. Anayeza ndani?"

"Anayeza ine, Ama."

Amayi onse anangoti aaa, chapansipansi, ena atagwira pakamwa. Munthu wamoyo, wa mkazi ndi mwana, kuima njo kuti amuyeze kutalika ndi tepi ya kalipentala wa mabokosi, nkubwera kunyumba akuseka.

Ama anatembenuka nkubwereranso m'nyumba ija, ife nkuwalondola. Anagwira phewa langa, nkuponda pa benchi. Ndisanamvetse chimene akuchita, anali atalowa m'bokosimo. Anagona chagada, nkukonza chitenje chawo, nkupinda manja pachifuwa. Wina anathawira panja. Amuna anga anagwada pansi akuti, "Ama, chonde, tulukani," koma iwo anakhalamo mpaka pamene anafunira eni ake.

Atatuluka analankhula mawu ochepa. Anati bokosi salipangira pachabe, ndipo kulitentha ndi kutentha msinkhu wa mwana wawo. Anati likufuna mwini wake, ndipo wogonamo womaliza ndi iwo, ndiye mwini wake wapezeka. Mulungu anawatengera anayi, uyu yekha ndiye adzawaike iwo, osati iwo kuika iye. Anauza bwanayo kuti bokosi akulitenga, ndipo iye sanatsutse.

Anyamata anayi a pa loji analinyamula mpaka ku Bandawe, Ama ali patsogolo, nsapato zili m'manja. Njira yonse anthu ankasiya makasu ndi madengu nkutithamangira, kufunsa kuti watisiya ndani. Ama ankayankha okha kuti palibe, ndi katundu wawo. Ine ndi amuna anga tinkayenda kumbuyo, osayang'anana, phulusa likadali m'makutu mwawo.

Patapita masiku atatu ndinapita kukawauza zoona. Ndinagwada pakhonde nkunena kuti panalibe amene anatiitana, ndinawatenga chifukwa ndinkaganiza kuti mwana wawo ali ndi chibwenzi kuntchito. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo ndinkafuna atatero. Anapitiriza kusenda chinangwa chawo.

"Mkamwana, ukanapeza mkaziyo bwenzi zili bwino. Za mkazi timakamba nkutha."

Sananenenso china pa nkhaniyi, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Bokosi linakhala kuchipinda kwawo, pa njerwa, litafundidwa mphasa kuti chiswe chisalowe. Abusa ndi akuluakulu a mpingo anabwera kudzawanyengerera kuti alichotse, iwo nkuwapatsa mipando ndi madzi akumwa, nkuwaperekeza. Amuna anga anapitiriza ntchito pa loji ija, koma chipinda cha mayi awo sanalowemonso. Akapita kukacheza ankathera pakhonde.

Ama anakhala zaka zina zitatu. Atayamba kufooka ndinkagona komweko ndikaweruka kuntchito. M'mawa wina ndikuwasambitsa, anandigwira mkono nkuloza bokosi lija ndi chibwano.

"Ndi lalitali lija. Ine ndine wamfupi."

Ndinati asalankhule zimenezo.

"Tamvera, iwe ndiwe namwino. Kumapazi kudzatsala malo. Udzatsekeko. Pasadzatsale poti munthu wina nkukwanapo."

Anamwalira sabata yotsatira. Titawasambitsa ndi amayi a kumpingo nkuwagoneka m'bokosimo, kumapazi kunatsaladi malo, kuyambira pachigongono panga mpaka kunsonga za zala. Amayi ena anati tiikepo bulangeti limodzi, zikwana. Ndinakana. Ndinatuma kunyumba kuti abweretse sutukesi yanga, nkutulutsa zitenje zonse zimene ndinali nazo, za ukwati zomwe. Ndinazipinda chimodzichimodzi, nkumazikanikiza ndi chibakera pamalo otsala kumapazi paja, mpaka pamene chala changa chinakana kulowa. Ndipamene ndinatuluka panja kukauza amuna anga kuti tsopano angalowe kudzaona mayi awo.