Kondensadori ya mavoti 16

Makina a fulipa m'dera lathu lonse analipo amodzi okha, panyumba ya alendo ya amayi ena ku Chiwanga. Ndi bokosi lalitali la miyendo inayi lokhala ndi galasi pamwamba, ndipo munthu amamenya kampira kachitsulo ndi timapiko tiwiri kuti kasagwere kudzenje. Amuna awo anabwera nawo kuchokera ku Joni, ndipo anthu anawaseka kuti anzawo amabwera ndi injini ya boti, iwo abwera ndi chidole.

Bambowo atamwalira, makinawo anazima okha patapita miyezi ingapo. Amayiwo ananditumira uthenga kutatsala sabata imodzi kuti amange chiliza. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi zokuzira mawu, ndipo masiku amenewo ndinkadzimva kuti palibe chamagetsi chingandigonjetse.

"Mesitiri, sindikufuna kuti ana azisewera ayi," anatero amayiwo. "M'menemu muli dzina la bambo. Ndikufuna abale awo adzalione."

Anandifotokozera kuti wopambana onse amalemba zilembo zitatu za dzina lake, ndipo makinawo amazionetsa pamwamba ndi magetsi ofiira, pamodzi ndi nambala imene wafikitsa. Kwa zaka zonsezo palibe mlendo kapena msodzi anaposa malemuwo.

Nditatsegula, ndinapeza kuti timabatire tosunga chikumbukiro cha makinawo tidakali ndi moyo. Mtima unakhala pansi. Vuto linali papulaka ya magetsi, kambale kobiriwira kodzaza timawaya. Kondensadori yaikulu, imene a ku Likoma amati kapasita, inali itatupa mutu n'kutulutsa tinthu toyera ngati mchere. Ntchito yake ndi kusalaza magetsi kuti asamalumphelumphe. Pathupi pake pamalembedwa manambala awiri: ina ya kuchuluka kwa magetsi amene imasunga, ina ya mavoti, kutanthauza mphamvu ya magetsi imene ingapirire. Yakufayo inalembedwa mavoti 25.

Kuno sitigula zida zatsopano kawirikawiri. Wailesi ikafa timaisenda ngati nsomba, n'kusunga zabwino m'zitini. Ndinakhuthula zitini zanga zonse pamphasa, ndipo ndinapeza imodzi yokha yofanana kuchuluka kwake, yochokera m'chokuzira mawu cha kwaya ina. Koma inali ya mavoti 16, ndiponso yakale. Kondensadori imauma mkati ikakalamba, ngakhale kunja ikuoneka bwinobwino. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinkadziwanso kuti kukweza mavoti n'kololedwa, koma kutsitsa ayi.

Yoyenera ikanachokera ku Lichinga pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, masiku anayi kapena asanu. Nthawi inalipo, ngakhale yothina. Chimene chinalibe ndi kudekha kwanga. Ndinkafuna amayiwo aone kuti mesitiri wafika m'mawa, masana makina ayaka. Ndinadziuza kuti m'mawailesi ndachitapo zotere kambirimbiri ndipo palibe anabwerera kudzadandaula.

Ndinaiwotcherera mosamala, mwendo wa mzere woyera kumbali yake. Nditayatsa, makinawo analira kanyimbo kawo, ndipo zilembo zitatu zija zinatuluka pamwamba. Amayiwo anagwira galasi ndi manja awiri. Sanalire mokweza, anangoti, "Bambo, mulipo." Anapempha kuti ndisazimitse, ndipo ndinavomera ndili wokondwa ngati mwana.

Chipindacho n'chamalata, ndipo unali mwezi wa Okutobala. Cha m'ma 2 koloko masana, ndikudya chinangwa ndi usipa pakhonde, ndinamva phu! Fungo lonunkha ngati mkodzo linadzaza chipinda. Kondensadori yanga inali itang'ambika, timapepala take titamwazika papulaka ponse.

Pamenepo m'pamene ndinaitanitsa yoyenera, ya mavoti 35, yopirira kutentha. Inafika kutatsala tsiku limodzi. Ndinapukuta pulaka, kuikamo yatsopanoyo, n'kuyatsa. Makinawo anadzuka bwinobwino, mpaka lero akugwira ntchito. Koma magetsi aja polumpha anasokoneza chikumbukiro, ndipo makinawo anafufuta zonse n'kubwerera mmene anatulukira kufakitale. Pamwamba panaoneka zilembo za mzungu wina amene sitikumudziwa.

Ndinachita manyazi kwambiri. Sindinanamizire magetsi a boma kapena ukalamba wa makinawo, ngakhale lilime linafuna. Ndinawauza amayiwo kuti ndinaika chida chochepa mphamvu ndikudziwa. Kenako ndinayesa kudzipulumutsa.

"Amayi, ndingathe kuchotsa galasi, kugunda ndi chala mabelu amene kampira kamagunda mpaka nambala ikwere, n'kulembamo dzina la bambo. Palibe adzadziwe."

Ndinkafuna andikalipire, zikanandipepukira.

"Nambala yake mukuidziwa, mesitiri?"

Sindinaidziwe. Tsiku lija ndinali kuyang'ana nkhope yawo pofuna kuyamikiridwa, sindinaikope n'komwe.

"Inenso sindiikumbuka bwino," anatero. "Iwo anaipeza ndi manja awo, ataimirira pomwepa. Inu mukufuna muwanamizire atagona kale? Zisiyeni."

Anatenga chitenje n'kufunda makinawo, kuti abale akabwera m'mawa asafunse. Kenako anandiperekeza mpaka panjinga yanga monga amachitira ndi mlendo aliyense, n'kundiuza kuti ndisalephere kubwera kuchiliza. Ndinapita, ndipo ndinaima kumbuyo kwenikweni. Pamwalapo dzina lawo linalembedwa lonse, koma amayiwo sanaliyang'ane nthawi yaitali ngati mmene anayang'anira zilembo zofiira zija.