Laputopu nayonso imafuna kupuma

Lachisanu lapitali mlamu wanga Esinati anandiimbira foni. Laputopu yake inali itangozima yokha, pomwe mayeso anali Lolemba. Esinati amalera ana m'nyumba ina ku Sports City, kuno ku dziko la eni komwe tinabwerera ntchito, ndipo akapeza mpata amaphunzira pa intaneti zosamalira odwala. Akakhoza, adzasiya kugona pantchito n'kupeza kachipinda kakekake.

Loweruka ndinamuperekeza ku shopu ina ya makompyuta ya ku Downtown komwe amagwira ntchito a Tembo, mnzanga wa ku Chipata. Esinati anatulutsa laputopu yodwalayo m'chikwama ataikulunga m'chitenje ngati khanda lopita ku sikelo.

Koma maso ake anali pa chilaputopu china chokhuthala chomwe chinali m'galasi.

"Iyo ni mtundu wamene amapita nayo mumlengalenga, sisi," anatero a Tembo. "Roketi igwedezeke bwanji, iyo siimvako."

"Ndiye ndipatseni yomweyo. Yangayi ndi yamanyazi, ndimaisamala koma yandichititsa manyazi."

Atamva mtengo anangoti khalas, ndiye kuti basi zatha m'Chiarabu, n'kukhala pansi.

A Tembo anatembenuza laputopu ya Esinati n'kumufunsa komwe amaiika akamawerenga.

"Pabedi, pabulangeti. M'mbalimu ndimatchinga ndi chitenje, fumbi la kuno si mukulidziwa? Ngakhale pulasitiki yake ya pansi sindinaichotse chigulireni."

A Tembo anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Sisi, olo iyi ya mumlengalenga mukaitseka mphuno ifa. Kumwamba kuja mpweya wotentha sukwera, umangokhala pamakina pomwepo, ndiye akatswiri amavutika maningi kuti izipuma bwino. Inu yanu mwaiphika na chikondi."

Anamatula pulasitiki, n'kupopa timabowo ta pansi. Munatuluka ubweya wa bulangeti wokwanira kulukira chipewa. Patapita kanthawi, inayaka. Esinati anaomba m'manja pakati pa shopu, ndipo ine ndinasangalala ngati ndine wolemba mayesowo.

Ndinamuseka njira yonse m'sitima ya metro, koma ndikutsika ku Discovery Gardens ndinaleka. Kodi ine ndine wosiyana naye? Ndili ndi suti imene ndikuisungira tsiku lalikulu. Tsikulo silinafike, koma chimimba chinafika, sutiyo sikundikwananso.

Ndi mmene tilili ife a kwathu. Mbale zabwino zimakalambira m'kabati kudikira alendo, eni nyumba akudyera zapulasitiki. Sofa timaikhalira ili m'pepala lake, thukuta lili kamukamu kumsana. Rimoti nayo timaiveka jumbo. Tinakula tikudziwa kuti chinthu chikawonongeka china sichibwera msanga, ndiye sindikunyoza. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Anthu amene amapanga makina opita kumlengalenga saabisa. Amawagwedeza, amawatenthetsa, amawaziziritsa asanawatumize, kuti aone ngati angapirire. Ife chathu tikachikonda timachifunditsa, kenako timadabwa kuti chafooka. Ndipo si katundu yekha, ngakhale ana timatero.

Lolemba Esinati analemba mayeso ake patebulo la kukhitchini, laputopu ili yosavala. Sinazime. Lachitatu ananditumizira uthenga kuti wakhoza, ndipo wayamba kale kufunsa za zipinda.

Nanga inu owerenga, m'nyumba mwanumo n'chiyani chimene chikubanika chifukwa mumachikonda kwambiri?